Nsalu Imene Abiti Jafali Anayala Pansi

Mundikhululukire polimba mtima kulemba zimenezi. Sindine munthu wophunzira kwambiri. Sukulu yanga inali ya kumudzi, ya makalasi opanda zitseko, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ngakhale kupempha madzi akumwa pakhomo pa eni. Nkhaniyi ndaiyamba kangapo n'kung'amba pepala, poopa kuti ena anganene kuti mwana wa mesenjala wayamba kudzimva. Koma ndikangodutsa pa sitolo ya nsalu, fungo la chitenje chatsopano, chija chouma gwa chisanalowe m'madzi, limandibwezera ku chilimwe chimodzi cha ubwana wanga, ndipo mkwiyo umandigwira ngati zachitika dzulo. Ngati pena mawu sindinawaike bwino, mundipirire. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 4. Tinkakhala kunja pang'ono kwa boma la Mangochi, cha kumsewu wopita ku Nkopola, m'nyumba ya njerwa zosawotcha ya zipinda ziwiri. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, koma bambo anatumizidwa kuno kudzagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ya boma. Amayi ankagula nsomba kwa asodzi m'mawa, n'kuziwamba pa waya kuseri kwa nyumba, n'kukagulitsa kumsika. Zovala zathu zonse, ngakhale makope anga a kusukulu, zinkanunkha utsi wa nsomba. Mwezi wa Okutobala umenewo dzuwa linali lankhanza. Mchenga unkawotcha moti ife ana opanda nsapato tinkathamanga kuchoka pamthunzi wa mgwalangwa wina kukapumira pa wina. Nyenje zinkalira tsiku lonse mpaka m'makutu kuchita lii. Mbuzi zinkagona tsonga m'mbali mwa makoma zikupuma wefuwefu, ndipo madzi a mumtsuko ankakhala ofunda ngati osambitsira mwana wakhanda. Mango anali asanapse, koma tinkawagenda n'kumadya ndi mchere mpaka mano kuyayamira.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya Abiti Jafali. Anali mayi wachisilamu, wamasiye, wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lawo. Ankagwira ntchito yokolopa pa chipatala, ndipo anali atakolopa m'mawodi zaka zambiri kuposa zanga zobadwa. Sanapiteko kusukulu. Manja awo ankanunkha mankhwala okolopera, ndipo sankayenda opanda nsapato ngakhale popita kukataya phulusa. Anali ndi nsapato zoyera zansalu zimene ankazichapa Lamlungu lililonse, chifukwa ankati pansi ndi pamene matenda amagona. Ankayankhula Chichewa chopendekera ku Chiyao, ndipo ankakonda kudzitcha dokotala wa pansi pa bedi. Ankati adokotala enieni amaona wodwala mphindi zisanu, koma iwo amamuona tsiku lonse kuchokera pansi, akupsinja chikolopa. Amayi ankawatchula kuti achemwali, iwo n'kumatchula amayi kuti make Esinati. Esinatiyo ndi ine. Masiku ena akamachokera kuntchito ankandiponyera chitumbuwa pamwamba pa mpanda.

Kumayambiriro kwa mweziwo kunamveka kuti Mtsogoleri wa dziko adzabwera kuboma kwathu. Tsiku lake panalibe ankalidziwa, koma kukonzekera kunayamba pompo. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu m'munsi. Ife kusukulu tinasiya masamu n'kumaphunzira nyimbo ndi kusesa bwalo. Amayi onse a m'dera lathu analamulidwa kumasonkhana pabwalo la sukulu yathu masana aliwonse kudzaphunzira magule, kuyambira dzuwa likangopendeka pang'ono mpaka mithunzi itatalika. Ankayang'anira maguleyo anali amayi atcheya a chipani a m'dera lathu. Dzina lawo sindilitchula, chifukwa adzukulu awo ndimakumana nawo kumsika ndipo sanalakwe kanthu. Anali ndi wezulo wopachika m'khosi ndi kope la mayina, ndipo pambali pawo pankayenda anyamata awiri a malaya ofiira okatenga aliyense wojomba.

Mayi aliyense anayenera kukhala ndi nsalu ya nkhope ya Mtsogoleri. Ina ankavala m'chiuno, ina ankamanga pachifuwa, kudutsa m'khwapa, molimba kuti isagwe povina, nkhopeyo ikhale pakati penipeni. Nsalu imeneyi inali ndi malamulo ake osalembedwa, amene ngakhale mwana ankawadziwa. Sankaberekera mwana, sankafunyirapo nkhata, sankayanika chozondoka, ndipo pokhala pansi munthu ankaikokera pambali kuti asakhalire nkhope. Amayi ankasunga yawo mu sutikesi, pamwamba pa Baibulo, kutali ndi utsi wa nsomba. Ine ndinkaikonda nsaluyo. Akatsegula sutikesi ndinkaika mphuno pafupi kuti ndimve fungo lake, chifukwa m'nyumba mwathu chinali chinthu chokhacho chatsopano.

M'masiku omwewo amayi anayamba kusintha. Pochokera kumjigo ndi ndowa pamutu ankaima panjira, dzanja lili pachifuwa, ngati akumvetsera munthu akuwaitana kutali. Ankati ndi mpweya, n'kusungunula soda wophikira m'kapu n'kumwa. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwasisite mkono wamanzere chifukwa unkachita dzanzi. Tsiku lina anadandaula nsagwada, bambo n'kunena kuti mwina ndi dzino. Abiti Jafali anawaona kamodzi ataima choncho pampanda ndipo anati, "Make Esinati, mawa tipitire limodzi, akakupimeni." Amayi anaseka n'kuyankha kuti nsomba sizidziwamba zokha, komanso masana kuli magule. Anapitiriza kudzuka m'mamawa, kukhala mu utsi mpaka dzuwa lili paliwombo, kenako kumanga nsalu n'kukavina padzuwa.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachiwiri. M'mawa amayi anasanza, nkhope ili mbuu, ndipo anandiuza kuti masana akafunsa za iwo ndikanene kuti sakupeza bwino. Komabe nsomba anali atagula kale, ndipo ndinawasiya atakhala pa kampando akukoleza moto pang'onopang'ono. Masana ife ana a kwaya tinatsalira pabwalo kuti tiziombera amayi m'manja. Amayi atcheya atafika pa dzina la amayi anga m'kope, anakweza maso n'kundipeza.

"Iwe mwana wa amesenjala, amako ali kuti?"

"Sakupeza bwino," ndinayankha nditagwada.

"Agona?"

"Ayi, akuwamba nsomba."

Amayi ena anaseka. Ine ndinali mwana wofuna kuti akulu azindiyamikira, ndipo ndinaphunzitsidwa kuti wamkulu akafunsa umayankha zoona. Sindinadziwe kuti ndawapereka amayi anga. Amayi atcheya anangotukula chibwano, anyamata a malaya ofiira aja n'kunyamuka. Posakhalitsa anabwera nawo amayi, akuyenda pakati pawo ngati mbava, nsalu ya pachifuwa itamangidwa mofulumira, m'manja muli phulusa. Sanandiyang'ane. Amayi atcheya anawaika mzere woyamba, kutsogolo kwenikweni, kuti ena aonerepo mmene aulesi amachirira.

Ng'oma zinayamba. Fumbi linakwera mpaka kulowa m'kamwa. Nyimbo yoyamba amayi anavina bwinobwino, ngakhale mapazi ankachedwa. Pa nyimbo yachiwiri ndinaona thukuta likutsika kumaso kwawo ngati awathira madzi, pamene milomo inali itauma n'kusanduka yotuwa. Anagwira pachifuwa ndi chibakera, pankhope penipeni pa nsaluyo, n'kuyamba kudzandira. Wezulo analira. Amayi atcheya anakuwa kuti dzanja lichoke pamenepo. Amayi anayesa kulichotsa, ndipo ndi pamene mawondo anawapinda.

Zimene zinachitika kenako ndimazikumbukira ngati phokoso la msika. Amayi onse anaunjikana, aliyense ndi nzeru yake. Wina ankati awagoneke chagada. Wina ankati awathire ndowa ya madzi kumutu. Wina ankati ndi majini, wina ankati ndi njala, awamwetse thobwa. Awiri anawagwira m'khwapa n'kuyamba kuwaimiritsa kuti ayendeyende magazi athamange. Amayi atcheya ankayendayenda kumbuyo akunena kuti matenda amenewa amawadziwa, amangogwira anthu nthawi ya magule, ya kumsika ayi. Ine ndinangoima, manja ali m'mwamba monga ndinawasiyira poomba.

Abiti Jafali ankavina mzere womaliza, monga mwa masiku onse, atangochokera kuntchito ndi nsapato zawo zoyera. Anabowola gululo ndi zigongono. Anayang'ana amayi kumaso, n'kuwagwira pamphumi, n'kufunsa kuti pakupweteka pati. Amayi analoza pachifuwa, n'kutsetsereka ndi dzanja mpaka kumkono, ndipo ananong'ona kuti pakulemera ngati aikapo mwala wa mphero.

"Asiyeni! Musawayendetse, muwapha," anakuwa Abiti Jafali. "Uwu ndi mtima. Futukani, mpweya upite."

Anawanyamula ndi mayi wina mmodzi mpaka patsinde la mango, mapazi osagunda pansi. Sanawagoneke. Anawakhazika chotsamira mtengo, mutu ndi mapewa zili m'mwamba, mawondo atapinda. Kenako anayesa kulowetsa chala pakati pa nsalu ya pachifuwa ndi thupi, koma chala sichinalowe. Mfundo inali itamangika ndi thukuta. Anaiwerama n'kuimasula ndi mano. Nsalu itangomasuka, amayi anakoka mpweya wautali umene ndinaumva ndili patali. Pansi panali potentha ndipo mizu ya mango inkawabaya, choncho Abiti Jafali anapinda nsalu ija kawiri n'kuiyala kuti amayi akhalire ndi kutsamira. Nsonga yake anaiviika mu ndowa ya oimba ng'oma n'kumawapukuta kumaso ndi m'khosi. Nthawi yonseyi ankawayankhula motsitsa, ngati mmene amachitira ndi mwana: "Pumani pang'onopang'ono, anzanga. Musayankhule. Ndili pompano." Wa thobwa uja atafika ndi chikho, anamukankhira kumbali.

Pamene nsalu inagunda pansi, bwalo lonse linati zii. Ng'oma zinali zitaleka kale, koma tsopano ngakhale kutsokomola kunalibe. Amayi amene anali pafupi anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi.

Pansi pa mlambe wa kuchipata panaima lole imene inabweretsa amayi a m'midzi yakutali. Abiti Jafali anandituma kukauza dalaivala kuti pali wodwala wofunika kuchipatala msanga. Ndinamupeza atagona pansi pa loleyo, chipewa chili kumaso. Anandimvetsera, anayang'ana kumene kunali amayi atcheya, n'kunena kuti mafuta amene ali mu lolemo ndi a magule, ndipo popanda chilolezo sangalize injini. Amayi atcheya chilolezocho sanapereke. Anati lole ikachoka, amayi akutali abwerera bwanji? Kuchokera pasukulupo kukafika kuchipatala unali ulendo woti lole ikanapita n'kubwerako nyimbo zitatu zisanathe. Ndakhala ndikuuyeza ulendo umenewo m'mutu mwanga zaka zonsezi, ndipo sunatalikepo.

"Thamangira kumsewu," anandiuza Abiti Jafali. "Galimoto iliyonse. Uime pakati, usaime pambali."

Ndinathamanga osafuna mthunzi. Phula linkanata kumapazi. Ndinaima pakati pa msewu nditatambasula manja, ndipo galimoto yoyamba kufika inali yaing'ono yotsegula kumbuyo, yodzaza madengu a usipa. Mwini wake anatsika akunditukwana, koma atamva kuti amayi anga akudwala anangoti ndikwere ndimulozere njira. Titafika anawanyamula amayi atakhala momwemo, n'kuwakhazika pakati pa madengu, Abiti Jafali ali kumbuyo kwawo ngati mtsamiro. Ine pothamangira kukakwera, phazi langa linaponda chinthu chonyowa, chofewa, chozizirira. Ndikukumbukira kuti ndinamva bwino pambuyo pa phula lija. Sindinayang'ane pansi. Galimoto ikutembenuka, ndinaona amayi atcheya akutola nsalu ija ndi manja awiri, mosamala, n'kuikumbatira ngati khanda. Manja omwewo sanawagwire amayi anga ngakhale chala.

Amayi anakhala m'chipatala milungu itatu. Adokotala anauza bambo kuti unalidi mtima, ndipo akanavina nyimbo ina imodzi, kapena akanawayendetsa pansi, bwenzi tikukamba zina. Bambo anabwera kunyumba n'kukhala pakhonde nthawi yaitali osavula yunifolomu. Ine ndinayamba kuphika ndi kutunga madzi, ndipo waya wowambira nsomba anachita dzimbiri kuseri. M'masiku oyambirira Abiti Jafali ankatibweretsera uthenga madzulo aliwonse: lero amwa phala, lero akhala tsonga, lero andinyoza kuti sindikolopa bwino pansi pa bedi lawo. Ndinkaganiza kuti anthu a m'dera lathu adzabwera kudzawathokoza. Koma ndinaona kuti amayi amene kale ankaima pampanda wawo kupempha moto anayamba kudzera njira ina. Kumjigo akafika iwo, nkhani zinkatha. Panalibe ankanena za mtima wa amayi anga. Aliyense ankanong'ona za nsalu.

Loweruka la mlungu wachiwiri kunaitanidwa msonkhano, m'kalasi mwathu mwenimweni mwa Sitandade 4. Kunabwera mkulu wina wochokera ku ofesi ya chipani kuboma, wonenepa, wopukuta khosi ndi mpango nthawi zonse. Anakhala pampando wa aphunzitsi. Patebulo anayala nsalu ija, yosachapa, dothi litaumirapo. Pa tsaya la nkhopeyo panali chidindo cha phazi, chaching'ono, zala zisanu zikuoneka bwinobwino. Ndinapinda zala za kumapazi n'kuzibisa pansi pa benchi. M'mawa umenewo bambo anali atandigwira mapewa n'kundiuza kuti ndikayankhe zokhazo zimene andifunse, osawonjezera kanthu, chifukwa ntchito yawo ndi nyumba yathu zili m'kamwa mwanga.

Anayamba ndi ine, ati chifukwa mwana sanama. Mkulu uja anandiitana kutsogolo n'kundifunsa mokoma kuti anamasula nsalu ndani. Ndinati Abiti Jafali. Anamasula ndi chiyani? Ndi mano. Anaiyala pansi ndani? Abiti Jafali. Anaiviika m'madzi ndani? Abiti Jafali. Ndinadikira funso lotsatira, loti anachitiranji zimenezi, chifukwa yankho lake ndinali nalo lokonzeka, ndipo ndinkadziwa kuti likangomveka onse aona kuti palibe mlandu. Funsolo silinabwere. M'chipinda chodzaza akuluakulu, ena a iwo amene anaona amayi anga akutuwa milomo, panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsa. Mkuluyo anati ndine mwana wolongosoka, anapisa m'thumba n'kundipatsa switi. Ndikuchita manyazi ponena izi, koma switiyo ndinadya, ndipo inali yokoma.

Kenako anaimika Abiti Jafali. Anaima osagwada, manja ali kumbuyo, nsapato zawo zoyera zili mbee.

"Zonse wanena mwanayu ndi zoona," anatero. "Munthu amabanika, bwana. Nsalu tichapa."

"Mukuti iyi ndi nsalu chabe?" anafunsa mkuluyo, akuloza nkhope.

Iye anasuntha chala mpaka pa chidindo chija n'kufunsa kuti nanga waponda apa ndani. Abiti Jafali sanacheuke kumene ndinakhala.

"Ndine ndemwe. Onani msinkhu wangawu, phazi lingakule bwanji?"

Ena anafuna kuseka koma anadzigwira. Madzulo omwewo anawatenga pa lole ija, imene tsopano mafuta ake anapezeka. Anakhala kumene anawatengerako masiku angapo, ndipo atabwerako sananene kanthu za kumeneko, kupatula kuti pansi pake panali posakolopa. Kuntchito anawauza kuti asabwerenso. Zaka zonse zija za chikolopa zinathera pa kapepala kamodzi kamene iwo sakanatha n'kuwerenga komwe. Bambo anasiya kuwapatsa moni masana, ndipo ankangogwedeza mutu pampanda akaona kuti kulibe anthu. Mtsogoleri uja, amene tinamupakira mitengo laimu, chaka chimenecho sanabwere n'komwe. Tinangomva kuti ulendo wasinthidwa. Laimu anasuluka ndi mvula yoyamba.

Amayi atatuluka m'chipatala anali owonda, oyenda pang'onopang'ono, ndi mapilitsi m'kabotolo ndi lamulo loti asanyamule katundu kapena kukhala mu utsi. Bambo anawabisira nkhani ya msonkhano masiku angapo, koma m'dera ngati lathu nkhani sibisika. Atamva, sanalire ndipo sanakalipe. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana bambo nthawi yaitali kuposa pamenepo. Tinamvanso kuti Abiti Jafali akusamuka, akupita kwa mlongo wawo ku Katuli, chifukwa popanda ntchito sakanatha kukhala pafupi ndi boma, ndipo mwini nyumba anali atayamba kuchita mantha.

M'mawa wa tsiku losamukalo amayi anavala chitenje chawo chakale cha maluwa, chonunkha utsi, n'kundiuza kuti ndiwagwire dzanja. Pampanda panali kampata kamene tinkadutsira nthawi zonse, masitepe khumi okha. Amayi anakakana. Anatulukira kukhomo la kutsogolo, n'kuzungulira njira yaikulu ya kumjigo, kumene amayi onse anali pamzere ndi ndowa zawo. Anayenda pang'onopang'ono, akupatsa moni aliyense pomutchula dzina, ndipo aliyense womufunsa ankamuyankha mokweza kuti akupita kukathokoza amene anawapulumutsa. Amayi ena anayang'ana m'ndowa zawo zopanda madzi.

Tinawapeza Abiti Jafali akumanga mphasa ndi mapoto. Atatiwona tikuchokera kumsewu anaponya chingwe pansi.

"Mwazungulira konseko wapansi? Make Esinati, mukufuna ntchito yanga ipite pachabe kawiri? Khalani apa msanga!"

Anawakhazika pakhonde chotsamira khoma, mawondo atapinda, monga tsiku lija, n'kuyesa ndi chala ngati chitenje sichinathine. Amayi anagwira dzanja lonunkha mankhwala lija n'kuliika pachifuwa pawo. Anakhala choncho mpaka ngolo yonyamula katundu inafika. Ine ndinaima pamzati, ndikukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Ndinali nditakonza mawu opepesa usiku wonse, koma anakana kutuluka. Abiti Jafali anandiyang'ana kumaso, kenako anatsitsa maso mpaka kumapazi kwanga.

"Iwe, uwauze abambo ako akugulire nsapato," anatero. "Mchenga wa kuno si wabwino."

Ndinavomera mwaulemu kuti ndikawauza. Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti akunena za kutentha kwa mchenga. Ndinkaganizanso kuti tsiku la msonkhano lija iwo anangosokonezeka, anaiwala kuti anavala nsapato, ndipo ine ndinachita mwayi. Zinanditengera zaka kuti ndione zimene aliyense m'kalasi muja akanaona akanafuna: munthu wovala nsapato sasiya zala zisanu pansalu. Abiti Jafali anadziwa phazi limenelo kuyambira pamene analiona patebulo, ndipo anadziwanso kuti likadziwika kukhala la mwana wa mesenjala wa boma, ikanatha ndi ntchito ya bambo, mkazi wawo ali chigonere m'chipatala. Ine ndinawatchula katatu pamaso pa anthu. Iwo sananditchule ngakhale kamodzi.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka kundiona nditamaliza sukulu ya pulayimale ndi kuyamba kusoka. Namwino wina amene ndimamusokera anandiuza kuti zimene anachita Abiti Jafali ndi zomwe iwonso amaphunzitsa: munthu wolemedwa pachifuwa, wotuluka thukuta lozizira, ululu ukutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, umamukhazika chotsamira, umamasula chothina chilichonse, sumuyendetsa, ndipo umafuna galimoto nthawi yomweyo osadikira kuti muone mawa. Ndinamuyankha kuti ndinaziphunzira kale, kwa dokotala wa pansi pa bedi. Anthu ena amandiuza kuti ndizisiye, inali nthawi imeneyo, aliyense ankaopa. Ndikudziwa kuti ankaopa, inenso ndinkaopa. Koma Abiti Jafali ankakhala m'nthawi yomweyo, pansi pa mantha omwewo, ndipo mfundo ija anaimasulabe ndi mano.

Ku Katuli sindinapiteko. Msewu unali wovuta, ndinali mwana, ndipo nditakula n'kufunsa ndinamva kuti anamwalira kalekale. Ndinawaona komaliza atakhala pamwamba pa mphasa zawo m'ngolo, nsapato zoyera zikulendewera, akukalipira amayi kuti abwerere kunyumba podutsa pampata. Linali Lachinayi lomaliza la mwezi wa Novembala, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4.